NSOMBA ZIKAFA MWADZIDZIDZI, TIFUFUZE TISANALOZE CHALA

Phunziro la ulendo uno talitenga kumtunda, m'boma la Chiradzulu, komwe kulibe nyanja ngakhale doko limodzi. Mwina asodzi a ku Kachulu, ku Mposa ndi ku Swang'oma afunsa kuti aphunziranji kwa alimi oweta nsomba m'madamu ang'onoang'ono a m'madera a Mombezi, Thumbwe ndi Mbulumbuzi. Tikumbukire kuti madzi a mtsinje wa Namadzi amakathera ku Chilwa. Chimene chapha nsomba kumtunda chikhoza kutsika ndi madzi mpaka kufika pamene mwatchera mono kapena matchera anu. Komanso nsomba zomwe alimiwa amaweta, monga makumba, chilunguni ndi mlamba, ndi zomwezo timazidziwa kunyanja, ndipo chimene chimazipha m'damu ndi chomwenso chimazipha m'thamanda la mumtsinje kapena m'njedza za m'mphepete mwa nyanja. Kusiyana kwake n'kwakuti damu ndi laling'ono, kotero zinthu zimaoneka msanga ndipo sizivuta kuziphunzira.

Mlimi akadzuka m'mawa n'kupeza nsomba zake zitayandama, mimba zili m'mwamba, mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti, "Wina wandithirira mankhwala." Pofika masana dzina la woganiziridwayo limakhala litatchulidwa kale, ndipo kawirikawiri amakhala mnzake wa m'kalabu yomweyo kapena mwini dimba loyandikana ndi damulo. Makalabu amatha ndi nkhani zotere. Milandu yake imavutanso mafumu chifukwa umboni sukhalapo: nsomba zija zinatoledwa, zina zinawambidwa n'kudyedwa, madzi anasinthidwa. Sitikukana kuti anthu oipa mtima alipo. Koma pa zinthu zonse zomwe zimapha nsomba m'damu, poizoni wothira munthu mwadala si amene amapezeka kawirikawiri. Ntchito ya komiti, kaya ndi ya padoko, ya mumtsinje kapena ya kalabu ya alimi, ndi kufika pamalopo tsiku lomwelo, kusunga umboni ndi kufunsa mafunso oyenera.

Mafunso ake ndi osavuta. Nsombazo zafa nthawi yanji, mbandakucha kapena masana? Zafa zonse tsiku limodzi, kapena zikumafa zisanu lero, khumi mawa? Zafa zazikulu kapena zazing'ono? Nanga mlamba uli moyo? Nanga mbululu za achule, nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi? Kunja kunacha bwanji masiku atatu apitawa, ndipo mwini damu anathiramo chiyani? Munthu woyankha bwino mafunsowa amakhala atayenda kale theka la ulendo, mlangizi asanafike n'komwe.

Mpweya ukatha m'madzi

Tiyambe ndi chimene chimapha nsomba zambiri m'madamu kuposa china chilichonse. Nsomba imapuma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo mpweyawu ndi wochepa kwambiri. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu pafupifupi 9 ikakhuta mpweya. Madziwo akatentha kufika madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5, ndipo malo okwera ngati Chiradzulu imasunga ochepera pamenepa. Makumba amakula bwino mpweya ukakhala pa mamiligalamu 5 kapena kuposa. Ukatsika pansi pa 3 sadya bwino, ndipo ukakhala pansi pa 1 kwa maola angapo amayamba kufa.

Alangizi amatiuza kuti tizithira manyowa kuti madzi abiriwire, ndipo n'zoona, chifukwa kubiriwirako ndi tizomera ting'onoting'ono tomwe ndi chakudya cha nsomba. Masana, dzuwa likamawala, tizomerati timatulutsa okosijeni wambiri. Usiku timasiya kutulutsa, m'malo mwake timayamba kupuma okosijeni yemweyo, pamodzi ndi nsomba ndiponso tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timawoletsa manyowa ndi gaga pansi pa damu. Usiku wonse mpweya umangotsika osabwezeredwa, ndipo umachepetsetsa tambala akamalira, dzuwa lisanatuluke. N'chifukwa chake nsomba zofa ndi kusowa mpweya timazipeza m'mawa. Mwini damu anazisiya zikudya bwino madzulo, ndiye akaona zitafa kukacha amaganiza kuti kunabwera munthu usiku.

Ngoziyi imakula m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene madzi atentha ndiponso aphwera, makamaka kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana popanda mphepo. Masiku amenewo tizomera tija sititulutsa mpweya wokwanira masana, koma usiku timapumabe monga mwa nthawi zonse. Nthawi zina tizomerati timafa tokha tonse pakamodzi: madzi omwe dzulo anali obiriwira asanduka otuwa kapena ofiirira, ayamba kununkha, ndipo kuwola kwa tizomerati kumamaliza mpweya wotsalawo.

Zizindikiro zake zimaoneka nsomba zisanafe, kungoti alimi ambiri sapita kudamu mbandakucha. Nsomba zimabwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa ngati zikumwa madzi, ndipo zimaunjikana pamene pamalowera madzi. Zikachita zimenezi kwa kanthawi n'kubwerera pansi dzuwa likangotuluka, ndi chenjezo. Zikapitiriza mpaka 8 kapena 9 koloko m'mawa, mudziwe kuti usiku wotsatira zikhoza kufa. Zoyamba kufa zimakhala zikuluzikulu, zomwe mlimi amayembekezera kugulitsa, ndipo zimafa kukamwa kuli yasa, zotsekera za m'makha zitatseguka. Thupi limakhala losalala, lopanda chilonda.

Mboni yathu yaikulu apa ndi mlamba. Asodzi nonse mukudziwa kuti mlamba umakhala nthawi yaitali uli moyo m'bwato pamene makumba afa kale. Chifukwa chake n'chakuti m'mutu mwake, pamwamba pa makha, uli ndi chiwalo chooneka ngati tinthambi ta mtengo chomwe umapumira mpweya wa kunja. Tsono mukapeza makumba ndi chilunguni zafa, koma milamba ikusambira ndipo mbululu zili phee m'mbali mwa damu, musafunefune munthu. Mankhwala sasankha chotero.

Kodi damu limafika bwanji pamenepa? Tiwerengere limodzi. Damu la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali ndi masikweya mita 200. Mlimi akaika ana a nsomba atatu pa sikweya mita, ndiye kuti waika 600. Koma makumba amaswana m'damu akadali aang'ono, kotero pakatha miyezi ingapo mumakhala nsomba zochuluka kwambiri kuposa zomwe anaika, iye akuwerengabe 600. Ikafika Okutobala kasupe wachepa mphamvu, madzi omwe anali ofika m'chiuno afika m'mawondo. Nsomba zachuluka, madzi atsala theka, ndipo mlimi poona kuti nsomba sizikukula amawonjezera gaga ndi manyowa. Nsomba 600 zolemera magalamu 50 iliyonse ndi makilogalamu 30, ndipo chakudya chokwanira pa tsiku ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, kuigawa kawiri. Wothira chidebe chathunthu akudyetsa matope, ndipo matopewo ndiwo adzapume mpweya wa nsomba zake usiku.

Njira yoyezera kubiriwira kwa madzi siifuna chida chilichonse. Pisani dzanja m'madzi mpaka m'chigongono, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, madzi akufuna manyowa. Ngati chikuoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Ngati chasowa mkono usanalowe n'theka lomwe, siyani kuthira manyowa ndipo lowetsani madzi atsopano.

Mukapeza nsomba zikuyasamula pamwamba, tsegulani ngalande kuti madzi atsopano alowe, ndipo ngati n'kotheka azigwa kuchokera pamwamba kuti azithovoka. Tungani madzi ndi zidebe n'kumawakhuthulira momwemo kuchokera m'mwamba, kapena menyani pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Musalowe m'damu n'kumapondaponda, chifukwa matope a pansi akavunduka amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola, womwenso ndi poizoni kwa nsomba. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa masiku awiri kapena atatu. Nsomba zikapumula, kololaniko zina kuti zotsalazo zipeze malo.

Mvula yoyamba imabweretsanso vuto lofanana ndi limeneli. M'nyengo yotentha madzi a pamwamba amafunda, a pansi amakhala ozizira ndi opanda mpweya, ndipo sasakanikirana. Mvula yamphamvu ikagwa imaziziritsa madzi a pamwamba, iwo n'kumira, a pansi aja n'kukwera. Pa nthawi yomweyo madzi othamanga amakokolola phulusa, ndowe ndi zinyalala za miyezi yonse ya chilimwe n'kuzithira m'damu. Damu lopanda ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwake limalandira zonsezi. Anthu a ku Chiradzulu anaona mphamvu ya madzi ochokera m'phiri mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nthaka n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Koma sipafunika namondwe kuti nsomba zife: matope a mvula ya tsiku limodzi akhoza kumata m'makha n'kuzitsamwitsa.

Zikamafa masana

Pali imfa ina yomwe imasokoneza anthu chifukwa imabwera dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe mpweya ndi wambiri. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku ndi ndowe za nkhumba, komanso feteleza wa yureya, zimawonjezera amoniya m'madzi. Ukali wa amoniya umakula madzi akatentha ndiponso m'damu lobiriwira kwambiri masana. Nsomba zimafooka, zimasiya kudya, makha amatupa kapena kuchita mamina ambiri. Mankhwala ake ndi omwe aja: madzi atsopano, kuleka manyowa, kuchepetsa chakudya.

Tingotchulako pang'ono: mbuna za m'nyanja ya Malawi zimagulitsidwa kunja, ndipo ku Ulaya ndi ku America anthu amazisunga m'mabokosi a galasi m'nyumba zawo. Nsomba zikayamba kufa m'mabokosimo, chinthu choyamba chomwe eni ake odziwa amayeza ndi amoniya, chifukwa madzi ochepa amaipa msanga. Ife zimatikhudza tikamanyamula ana a nsomba m'zidebe kapena m'migolo kuchokera ku Domasi kapena kwa mlimi mnzathu. Musawadyetse tsiku loti anyamulidwa mawa lake, nyamulani m'mawa kukadali kozizira, ndipo musathithikize ambiri m'chidebe chimodzi. Musagwiritse ntchito madzi a pampopi ongotunga kumene, chifukwa klorini woteteza anthu ku kolera amawotcha makha a nsomba. Pofika padamu musangokhuthula: ikani chidebe m'madzi, muzilowetsamo madzi a m'damu pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kapena 20 mpaka tinsombato tituluke tokha. Ana a nsomba akafa patangopita tsiku limodzi kapena awiri chiwaikireni, kawirikawiri vuto linachitika paulendo.

Chisanu cha Juni ndi Julayi

Ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Mulanje kumazizira, makamaka kukachita chiperoni masiku angapo. Makumba ndi chilunguni ndi nsomba za m'madzi ofunda. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 zimachepetsa kudya, akafika cha m'ma 16 zimasiyiratu, ndipo akayandikira 10 zimafa. Damu losaya limazizira lonse usiku umodzi, pamene damu lofika mita imodzi ndi theka mbali yakuya limasiyira nsomba pothawira. Imfa ya chisanu siichitika pakamodzi. Nsomba zimangokhala pansi osayenda, zimafa zochepa tsiku lililonse, ndipo zina zimamera zinthu zoyera ngati thonje pamene panasupuka mamba. Nkhungu yotereyi imalowera pabala, kotero nyengo yozizira si yokokera khoka m'damu mwachisawawa kapena kusamutsa ana a nsomba. Gaga wothira m'miyezi imeneyi pa muyeso wa m'chilimwe amangowola.

Poizoni weniweni amaoneka motani?

Poizoni sadikira mbandakucha. Amapha nthawi iliyonse, m'maola ochepa, ndipo sasankha mtundu. Nsomba zazing'ono kawirikawiri ndizo zimayamba. Zisanafe zimasambira mozungulirazungulira, kunjenjemera, kugudubuzika, zina kudumphira kumtunda. Mlamba nawo umafa. Mbululu, nkhanu ndi tizilombo toyenda pamwamba pa madzi timafanso. Imfayo imayambira mbali yolowera madzi.

Ngakhale zizindikiro zonsezi zitapezeka, tisafulumire kunena kuti wina wachita dala. Madamu ambiri a ku Chiradzulu ali m'madambo momwemo muli madimba a tomato, kabichi ndi mpiru, ndipo ngalande yothirira dimba ndi yomweyo yodzaza damu. Mankhwala opopera mbewu monga cypermethrin ndi oopsa kwambiri kwa nsomba, mwakuti madzi otsukira sipuleya imodzi akhoza kupha damu lonse. Chimodzimodzi madzi ochokera pamalo opoperapo ng'ombe za mkaka mankhwala a nkhupakupa, botolo la mankhwala lotayidwa mumtsinje, ndiponso neti yatsopano yoteteza udzudzu ikachapidwa m'ngalande, popeza mankhwala ake ndi a gulu lomwelo la cypermethrin. Kumadera odya kondowole, madzi ovikamo chinangwa chowawa asalowe m'damu. Wochita zimenezi nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti wapha nsomba za mnzake.

Komiti ichite chonchi: itsate ngalande kapena mtsinje kulowera kumtunda, ikuyang'ana m'madzi. Malo onse omwe mwadutsa poizoni mumakhala zii, mopanda kachilombo kamoyo. Pamene mwayambanso kuona mbululu, nkhanu ndi timatemba tamoyo, mudziwe kuti poizoni analowera chakumunsi pang'ono kwa malowo. Yang'anani pamenepo. Mukapeza botolo musalitole ndi manja, ndipo lembani dzina lomwe lili pachikalata chake. Ngati ngalande yonse ili ndi zamoyo koma m'damu mokha ndimo mwafa zonse mpaka milamba, apo ndiye pali nkhani yopita nayo kwa a mfumu ndi kwa alangizi.

Za katupe sitichita kukuphunzitsani. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, nsomba zotsala zinathawira m'mathamanda a m'mitsinje, ndipo mafumu pamodzi ndi Dipatimenti ya Usodzi analetsa kuthira katupe m'malo amenewo kuti mbewu isathe. Nsomba zomwe zinadzazanso nyanja madzi atabwerera zinachokera kumeneko. Lamulo la kasamalidwe ka nsomba limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba, ndipo makomiti a kumtunda kwa mitsinje ali ndi udindo womwewo ngati a padoko.

Matenda a zilonda

Kale tinkati nsomba za kuno sizidwaladwala. Mu 2020 zinthu zinasintha, pamene matenda otchedwa Epizootic Ulcerative Syndrome, mwachidule EUS, anapezeka ku Mchinji, m'dera la mtsinje wa Bua, ndipo kenaka anamvekanso m'maboma ena a m'chigawo chapakati. Pa nthawiyo Boma linaimitsa usodzi ndi kunyamula nsomba m'malo okhudzidwawo. Matendawa anavutitsa maiko a ku Asia kwa zaka zambiri, ndipo muno mu Africa anayamba kuoneka mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amayamba ndi kachilombo kofanana ndi nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, komwe kamalowera pakhungu n'kumamera kulowa mumnofu.

Poyamba pathupi pa nsomba pamaoneka timadontho tofiira. Kenaka mamba amathothoka, pamabuka chilonda chofiira pakati, chotuwa m'mbali, chomwe chimakumba mpaka mnofu kuonekera, nthawi zina mpaka fupa la mutu. Nsomba yodwala imasambira mofooka pamwamba kapena m'mbali, ndipo munthu akhoza kuigwira ndi manja. Imfa yake imatenga masiku kapena masabata, ndipo mitundu ina imagwidwa kwambiri kuposa ina. Milamba ndi nsomba za gulu la matemba zili m'gulu logwidwa msanga, ndipo apa asodzi a ku Chilwa atchere khutu, chifukwa matemba ndi mlamba ndizo zimadyetsa mabanja ambiri kumeneko. Matendawa amakonda nyengo yozizira ndiponso nthawi yotsatira mvula yambiri.

Onani kusiyana kwake ndi kusowa kwa mpweya. Kuja mlamba umapulumuka ndipo matupi amakhala osalala. Kuno mlamba ndiwo uli patsogolo kudwala, ndipo zilonda zimaoneka. Komabe si chilonda chilichonse chomwe ndi EUS. Katumbu, ng'azi ndi kakowa zimasiya mabala pa nsomba yomwe yapulumuka, koma mabala ake amakhala ong'ambika kapena obowoka, pa nsomba imodzi kapena ziwiri, ndipo m'mbali mwa damu mumapezeka mapazi, mitu ya nsomba kapena ndowe zodzaza mamba. Wotsimikiza kuti ndi EUS ndi dotolo wa ziweto atayeza mnofu wa nsombayo ku labotale.

M'nyanja ndi mumtsinje matendawa alibe mankhwala. Chomwe tingathe ndi kuwatsekera njira. Amayenda ndi nsomba zamoyo zosamutsidwa, madzi otuluka m'damu lodwala, ndi makoka, mono kapena zidebe zonyowa. Khoka limodzi lobwerekana kalabu yonse likhoza kuyendetsa matenda m'madamu onse a m'mudzi pa sabata imodzi. Khoka lichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka liume gwa lisanalowe m'madzi ena. Msodzi wochoka kudoko lina kupita lina achitenso chimodzimodzi ndi zida zake. Damu lomwe mwapezeka zilonda litsekedwe potulukira madzi, ndipo musagule kapena kugulitsa mbewu ya nsomba kuchokera mmenemo. Likakololedwa liphwetsedwe, liume mpaka pansi pang'ambike, ndipo lithiridwe laimu pa muyeso womwe mlangizi angakuuzeni. Tamvapo za alimi othira makapisozi a kuchipatala m'damu. Kumeneko n'kutaya ndalama, popeza mankhwala amenewo sapha nkhungu, ndipo kumathandiza kuti tizilombo tizolowere mankhwala omwe ife tomwe timawadalira tikadwala.

Zikachitika panyanja

Mu 1999 nsomba zambiri zinafa m'nyanja ya Malawi n'kumakokolokera kugombe, ndipo mphekesera za poizoni zinali ponseponse. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi kulibe okosijeni, kuli madzi okhala ndi mpweya uja wonunkha ngati dzira lowola. Mphepo yamphamvu ikaomba masiku ambiri imakankhira madzi a pamwamba mbali imodzi, ndipo madzi a pansi amakwera. Akatswiri ena anaganiza kuti mwina chimenechi ndicho chinapha nsombazo. Ndi zomwe zija zimachitika m'damu la ku Thumbwe mvula yoyamba ikagwa, kungoti panyanja zimakula.

Ku Chilwa vuto limabwera mwa njira ina. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero ikamaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, mchere umatsalira m'madzi ochepa, madzi amatentha, ndipo mphepo imavundula matope. Matemba ndi makumba amathawira kumathiriro a mitsinje kapena kufa, mlamba n'kutsala m'matope. Komiti ya padoko ikaona nsomba zakufa ifunse mafunso omwe aja: mphepo inaomba kuchokera kuti, madzi asintha mtundu kapena fungo, zafa za mtundu wanji, zili ndi zilonda kapena ayi.

Zopita nazo kwa alangizi

Uthenga upite kwa mlangizi wa zausodzi kapena wa ziweto tsiku lomwelo, osadikira msonkhano wa komiti. Nsomba yowola siuza dotolo kanthu. Yofunika ndi yomwe ikudwala koma ikadali moyo, kapena yongofa kumene, makha akadali ofiira. Tengani zitatu kapena zisanu, iliyonse m'pepala lake la pulasitiki, muziike pa ayezi ngati alipo, koma musaziumitse mufiriji, musazitumbule ndipo musazithire mchere. Tungani madzi m'mabotolo otsuka bwino, limodzi polowera madzi, lina pakati pa damu, mudzaze mpaka pakamwa, mutseke, mulembe malo ndi nthawi, ndipo muwasunge pamthunzi. Madziwa atungidwe musanalowetse madzi atsopano, apo ayi umboni wapita. Amene ali ndi foni yojambula ajambule nsombazo mbali zonse ziwiri, makha ake, ndi mtundu wa madzi. Mlembi alembe m'buku la komiti tsiku, nthawi, chiwerengero cha nsomba zakufa pa mtundu uliwonse, ndi nyengo ya masiku atatu apitawo. Buku lotere likasungidwa zaka zingapo limayamba kuonetsa lokha miyezi ndi malo omwe vuto limabwerezabwereza.

Funso lomwe limavuta kwambiri pakhomo ndi lakuti, kodi tidye? Tikudziwa kuti n'zowawa kukwirira ndiwo ana akuona, makamaka kwa mlimi yemwe wadyetsa nsomba miyezi isanu ndi umodzi. Nsomba zomwe mwaziona ndi maso zikuyasamula chifukwa cha mpweya, n'kuzivuula zikadali zamoyo, zilibe vuto. Koma zomwe mwazipeza zitafa kale, osadziwa chazipha kapena nthawi yomwe zafa, musadye, musagulitse, ndipo musapatse nkhumba, agalu kapena nkhuku. Kuwamba kapena kuyanika sikuchotsa mankhwala ophera tizilombo. Kachilombo ka EUS pakokha sikadwalitsa munthu, koma chilonda chotseguka chimakhala ndi tizilombo tina toyambitsa matenda a m'mimba, kotero nsomba ya zilonda isapite pamoto kapena pamsika. Amalonda ogula nsomba zowamba kudoko n'kupita nazo ku Namadzi, ku Mbulumbuzi kapena ku Limbe sangazindikire chilonda pa mlamba wowamba, choncho oletsa ndi a komiti pomwe nsombayo ikutsika m'bwato.

Nsomba zakufa zichotsedwe m'madzi msanga, chifukwa zikamawola zimamaliza mpweya wa zotsalazo. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, kutali ndi mtsinje, chitsime ndi ngalande, thirani laimu kapena phulusa pamwamba pa nsombazo, ndipo kwirirani bwino kuti agalu asafukule. Otola nsombazo avale mapepala a pulasitiki m'manja ndipo asambe ndi sopo akamaliza, koma osati m'ngalande yopita kudamu la mnzawo.